Mapiritsi a M'chitini cha Mabatani

"Yasamulani, mayi," anatero a Msomali, piritsi lili pachala, kapu ya madzi ili m'dzanja linalo.

Akazi awo analuma mano n'kuyang'ana kukhoma. Panali patatha milungu iwiri chitulukireni m'chipatala, ndipo m'mawa uliwonse nkhondo inali yomweyi. Sitiroko inawapha mkono ndi mwendo wakumanja, n'kuwalanda mawu. Abale anabwera masiku oyamba, kupemphera mokweza kuti oyandikana nawo amve, kenako zii. Ana awo anayi, aakazi okhaokha, anali kutali: awiri kubanja, awiri kusukulu yogonera komweko.

A Msomali, osoka nsapato, anakokera benchi lawo pakhomo la chipinda kuti azisoka diso lili pa odwala. Mapiritsiwo anawapeza m'chitini cha mabatani. Kwa zaka ankaona akazi awo akumwa limodzi m'mawa, ndipo akafunsa ankauzidwa kuti ndi a BP. Kuchipatala anapereka ena, koma a Msomali sankawakhulupirira anthu olemba zosawerengeka aja. Mankhwala amene thupi linawazolowera sasiyidwa, ankatero. Choncho ankawonjezera akalewo, kutsatira timivi ta papepala la mapiritsilo, n'kumafinya masaya a mayiwo mpaka piritsi litalowa.

Akulimbana choncho, panagogoda nesi woyendera odwala m'makomo. Anatenga pepala la mapiritsilo, kulitembenuza, n'kufunsa amene anawapatsa. A Msomali anayankha kuti mwini wake amamwa kuyambira kale, a BP.

"Bambo, awa ndi olera."

A Msomali anaseka pang'ono. Anati anthu a chipatala akalephera ntchito sasowa cholozera chala. Nesiyo sanakwiye. Anafotokoza kuti mtundu umenewo sapatsa mayi amene wapitirira zaka makumi anayi magazi ake akuthamanga, chifukwa ungaundanitse magazi m'mitsempha. Mwina mayiwo ankangogula osayezetsa.

"Kuti ndi amene anabweretsa sitirokoyi, sindingalumbire. Koma mukapitiriza, mukuitana yachiwiri."

Nesi atapita, a Msomali anakhala pabenchi, nsapato ya munthu ili pabondo, osaisoka. Anakumbukira tsiku limene anabadwa mwana wotsiriza. Mayiwo anatsala pang'ono kupita nawo uchemberewo. A Msomali atamva kuti ndi wamkazinso sanapite n'komwe kukamuona, ndipo mayi atabwera kunyumba anawauza kuti nyumba ino sipuma mpaka patapezeka mwana wamwamuna wodzalandira benchi. Chaka chilichonse ankadandaula kuti Mulungu wawatsekera. Anafika pokayikira apongozi, ngakhale mlamu wawo. Chitini cha mabatani chokha ndi chimene sanachikayikire.

Analowa m'chipinda n'kukhala m'mphepete mwa bedi.

"Ndiye mumakana chifukwa mumadziwa?"

Mayiwo anawayang'ana, osaphethira. Mbali yamoyo ya pakamwa inagwedezeka, koma palibe chimene chinatuluka.

"Zaka khumi ndi zinayi, mayi. Nyumba imodzi, bulangete limodzi."

Anafuna kufunsa chifukwa chimene sanawauzire, koma yankho analidziwa, ndipo linali m'mawu awo omwe. Anatuluka, kukafinyira mapiritsi otsalawo m'chimbudzi limodzilimodzi, n'kubwerera chimanjamanja. Anatambasula zikhatho zonse ziwiri kuti mayiwo aone kuti mulibe kanthu. Kenako anatenga kapu ija n'kuiika pamilomo yawo.

Mayiwo anayasamula okha.