Kaphazi ka Mwanasha

Sitolo ya a Jayantilal ku Area 2 inamangidwa Lilongwe akadali kaboma ka fumbi, ndipo pamwamba pa chitseko panali mwala wolembedwa 1938. Pakhonde pake ndi pamene a Abdallah, telala wosalankhulalankhula, anamerera imvi akupalasa makina.

Anthu ankati mkuluyo amakakamira khondelo chifukwa cha mthunzi, koma anthu sasowa chonena. Chaka chimene ankathira simenti pamenepo, mwana wa a Abdallah, Mwanasha, atangophunzira kuyenda, anaponda simenti yaiwisi n'kusiya kaphazi, tizala tonse kuoneka. Chikuku chinamutenga mvula isanagwe. Manda ake anafafanizika kalekale, chithunzi panalibe. Chinatsala ndi kaphaziko, pansi pa makina, kofunditsidwa kachiguduli.

Likulu litachoka ku Zomba, Lilongwe anayamba matama. Msewu unafunika kukula, ndipo sitoloyo inapakidwa mtanda wofiira. A Jayantilal analongedza n'kusamuka.

Ogwetsa anafika Lachisanu. A Abdallah anachotsa makina awo, n'kupita kwa kapitawo, bambo wansangala dzina lake Reinford.

"Achimwene, pakhonde pano pali chikumbutso changa. Musanagwetse, mundichotsereko bwinobwino."

Anafuna kuvundukula kachiguduli kaja, koma analeka poopa kutchula dzina la mwanayo. Zaka zonsezi anali asanalitchulepo kwa mlendo.

"Ndachiona kale, madala," anatero Reinford. "Inu ndi nyumbayi mwakalambira limodzi. Pitani mukaswali, mudzachipeza."

Mtima wa a Abdallah unakhala m'malo, ndipo anapita kumzikiti.

Pobwerako anapeza khonde kulibe. Panali fumbi, malata opindika ndi lole ikubwerera chambuyo. Reinford anawathamangira, thukuta lili kamukamu, atafukata chinthu chokulunga m'thumba la simenti.

"Sindinalole anyamata kuchikhudza. Ndagoba ndekha, sichinang'aluke olo pang'ono."

A Abdallah anamasula thumbalo. Munali mwala uja wa 1938.

"Nanga simenti ya pansi ija?"

"Yapita pa lole yoyamba. Akukwirira msewu wa ku City Centre. Bwanji, panalinso kanthu?"

Anayang'ana zala za kapitawoyo, zosupuka, zikuchucha magazi. Munthu wadzipweteka chonchi pofuna kukusangalatsa, ungamuuze chiyani? Chisoni chinawagwira chonga cha tsiku la maliro lomwe lija.

"Iyayi, achimwene. Mwagwira ntchito."

Anasenza mwalawo kudutsa pamsika, osayankha moni wa munthu. Kunyumba mkazi wawo, a Asiatu, anali atasesa pakona ya chipinda n'kuyalapo mkeka watsopano. Ataona thumbalo anatsika pakhonde opanda nsapato, manja onse awiri atatambasula.

"Mwabwera naye?"