Lole Si Bwato

Pansi pa lole ya Che Binali pankadontha chinthu chooneka ngati mkaka, ndipo amene ankachiona anali mkazi wawo yekha, Zuleka.

M'mawa uliwonse posesa pabwalo ankapeza kadontho pamchenga, pakati pa matayala akumbuyo. Ankawerama, n'kukhudza ndi chala, n'kununkhiza. Fungo linali la oyilo, koma mtundu sunali wa oyilo. Zuleka anali munthu wamantha chibadwire. Mwana wake Habiba akangotsokomola, iye mtima unali utafika kale kuchipatala.

"Bambo a Habiba, lole yanuyi ikudontha zoyera," iye anatero tsiku lina.

"Ikudontha zoyera? Ndiye ikame, tithire mu tiyi," anayankha Che Binali uku akuseka. "Iwe lole unaidziwira kuti? Kwanu kuja ngakhale njinga inaliko?"

Zuleka anangotola tsache lake.

Munali m'chaka cha 1954. Che Binali anali msodzi wotchuka pagombe la kwa Maganga. Chimene chinkawawawa n'chakuti eni malole ochokera kumtunda ankagula usipa wawo motchipa, n'kukalemera nawo ku Lilongwe. Tsono anagulitsa khoka lawo, ukonde waukulu wokokera nsomba, ndi mabwato omwe, n'kupita ku Salima kukagula lole yakale kwa munthu wina wa sitolo pafupi ndi siteshoni ya sitima.

Anapita okha, osauza munthu. Msodzi saulula pamene waona nsomba, ndipo iwo anaganiza kuti pogula galimoto lamulo n'lomwelo. Atafika anapeza injini ikulira kale, penti wobiriwira akuwala ngati tsamba lamvula. Anaizungulira, n'kumagogoda matabwa akumbuyo ndi chala, khutu lili tcheru, monga achitira pogula bwato. Matabwa anayankha bwino. Analibe chifukwe ngakhale mng'alu.

"Mbawa yeniyeni iyi," anatero, n'kugwirana chanza ndi wogulitsa. Pansi pa lole sanasuzumirepo. Dalaivala wa wogulitsayo anawaphunzitsa kuyendetsa pamsewu wosalala wa paboma, ndipo atalandira laisensi anabwera nayo kumudzi akuimba hutala.

Pagombe aliyense amadziwa kuti bwato likakhala padzuwa osalawa madzi limang'aluka. Che Binali sanafune kuti matabwa a lole yawo aone tsoka limenelo. Akabwera kokagulitsa nsomba ankailowetsa m'nyanja cham'mbuyo mpaka matayala atamira, n'kuitsuka kuti fungo la usipa lichoke, n'kuisiya kanthawi kuti imwe madzi. Ana ankasambira moizungulira. Asodzi anzawo ankayamikira kuti munthuyu amadziwa kusamala chinthu.

Amene sanayamikire anali a Mose, oyandikana nawo nyumba. Iwowa anayendetsapo ndi kukonza malole a asilikali pa nthawi ya nkhondo, ndipo tsopano ankakonza makina kuminda ya thonje ku Chitala. Tsiku lina anaima pamchenga manja ali kumbuyo.

"Che Binali, itulutseni m'madzimo. Lole si bwato."

"Yanu ili kuti, akulu, kuti tione mmene mumaisambitsira?" anayankha Che Binali. Gombe lonse linafa nalo phwete. A Mose anapukusa mutu n'kumapita.

"Nsanje," anatero Che Binali atafika kunyumba. "Munthu wakalamba akukonza za azungu, yakeyake alibe."

Zuleka anali atamva zonse ali potsuka mbale. Mawu a a Mose anamukhala pamtima ngati munga wa nsomba pakhosi. Anali ataonanso kuti amuna ake akafuna kuima ankapondaponda buleki ngati munthu wopopa njinga. Kangapo konse anafika mpaka pampanda wa a Mose kuti akafunse, koma ankabwerera. Mkazi kukafunsa mwamuna wina za katundu wa mwamuna wake? Anthu akanati chiyani? Anasankha kukhala chete, ndipo mpaka lero akakumbukira mpanda umenewo amaluma mlomo.

Kenaka linafika tsiku la ukwati wa Saidi, mng'ono wawo wa Che Binali, ku Khombedza. M'mawa umenewo Che Binali anailowetsa lole m'nyanja kuti ikafike ku ukwati ikunyezimira. Anaitulutsa madzi akuchucha, abale n'kuyamba kukwera kumbuyo ndi madengu a mpunga.

"Bwanji tidikire kaye iume?" anatero Zuleka motsitsa mawu.

"Iumira m'njira. Kwera, mayi wamantha iwe."

Anakwera kutsogolo, Habiba ali pamiyendo. Mwanayo anali wa zaka zinayi, atavala diresi latsopano, ndipo ankawomba m'manja mtengo uliwonse ukadutsa.

Sanapite patali. Pamene msewu umatsetserekera kukamtsinje, anaona ngolo ya ng'ombe ili pakati pa kamlatho ka matabwa. Che Binali anaponda buleki. Phazi linangolowa mpaka pansi. Anapondanso, n'kupondanso.

"Sakugwira! Ya Allah, sakugwira!"

Pofuna kupewa ngolo anakhotetsera lole kudzenje. Zuleka anakumbatira mwana ndi mphamvu zake zonse, koma chitsulo chinaposa manja ake. Habiba anapulumuka n'kukamenyetseka kutsogolo. Kumbuyo anthu anagwerana, mpunga mbwee m'matope. Palibe anamwalira. Koma pamene Zuleka anadzutsa mwana wake, dzanja lamanja linali litapindika pamalo pamene dzanja silipindika.

Kuchipatala ku Salima anamuika chikhakha. Adokotala anati fupa lathyokera pachigongono, ndipo mwina dzanjalo silidzawongokanso bwinobwino.

Lole anaikoka ndi ng'ombe mpaka kunyumba. Odzazonda ankabwera ndi nkhani imodzi: galimoto yabwinobwino singangokana kuima payokha, pali munthu anaipondera mankhwala. Ena ankaloza ndi milomo kumpanda wa a Mose. Che Binali, amene anali atasiya kudya bwino, anayamba kugwedezera mutu nkhani imeneyi.

"Suja anandiopseza pagombe anthu akumva?" anatero tsiku lina atabwera kumzikiti.

Apa m'pamene mantha a Zuleka anathera. Anaika pansi lichero limene anali nalo.

"Sanakuopsezeni, anakuchenjezani. Inenso ndinakuuzani za zoyera zija, munati ndikame. Ngati ndi ufiti, chabwino, mfitiyo tikaipeze pansi pa lole. Ine ndikukawaitana a Mose."

"Mayi a Habiba, ukufuna kundivula pagulu?"

"Mwana wanu sangathe kudzivula yekha diresi. Manyazi anu ndi dzanja lake, cholemera n'chiti?"

Zuleka anadutsa mpanda uja osaima.

A Mose anabwera ndi jeke ndi masipanala m'thumba la chiguduli. Sanatchule za pagombe zija. Anafunsa kaye za mwana, kenaka anakweza lole n'kuchotsa tayala lakumbuyo. Atatsegula chitsulo chozungulira chimene mumakhala mabuleki, munatuluka mchenga wonyowa ndi dzimbiri.

"Bwerani muone nokha, Che Binali. Nanunso mayi, senderani, poti ndinu munayamba kuona. Mabuleki amagwira akakhala ouma. Akanyowa amaterera ngati mlamba m'manja. Ndipo onani zogwirira zakezi, mchenga wazidya mpaka zatsala chitsulo chokhachokha."

Kenaka anamasula bawuti pa chitsulo chonga mphika chimene chili pakati pa matayala akumbuyo. Munatuluka zoyera zija.

"Mkaka wanu uja ndi uwu, mayi. Ndi oyilo wosakanikirana ndi madzi a m'nyanja. Mukanachedwa pang'ono, magiya a m'katimu akanaperesana okhaokha."

Zuleka anamva misozi ikutentha m'maso. Sanali wamisala ayi. Chimene ankaona chinalipodi.

"Ndiye kuti ndine ndinapweteka mwana wanga," anatero Che Binali ndi mawu osasa.

"Mbali ina, inde. Sindikunamizani. Koma lowani pansipa, muone mbali inayo."

Kwa nthawi yoyamba Che Binali anagona chagada pansi pa lole yawo. A Mose anakanda ndi mpeni kapaipi kamene kamapititsa mafuta ku mabuleki. Penti anasupuka. Pansi pake panali mpira wa chubu cha njinga, womangidwa ndi waya pamalo pamene paipi inabooka. Anagogodanso zitsulo zikuluzikulu zonyamula thupi la lole, ndipo dzimbiri linayoyoka ngati makoko a mtedza.

"Amene anakugulitsani ankadziwa zonsezi. Anamanga, n'kupaka penti. Tandiuzani, mutafika injini munaipeza itazima?"

"Inkalira kale."

"Anaitenthetsa dala. Injini yotopa imaulula matenda ake m'mawa, ikadali yozizira. Galimoto yakale ukafuna kugula, uipeze itagona, uidzutse wekha. Uone utsi wake: ukakhala wobiriwira ngati wa fodya, ikudya oyilo. Uyang'ane pansi pamene yagona ngati padontha kanthu. Uponde buleki n'kuugwira, phazi likamatsika pang'onopang'ono, thawa. Ukaiyese pachitunda ndi pamtsetse, osati pabwalo la sitolo. Mapepala ake uwaonenso ngati nambala zikugwirizana ndi za pa injini. Ndipo usapite wekha. Pansomba bisa, koma pagalimoto tenga mnzako wodziwa."

"Ine ndinagogoda matabwa," anatero Che Binali, akuseka kuseka kowawa.

"Matabwa ake ndi abwinodi. Mukadzafuna kupala chitseko, musadzavutike."

Kubwerera kwa wogulitsa kunalibe phindu. Wogulitsayo anangotambasula manja n'kunena kuti munthu anaona yekha, anakonda yekha. Zitsulo zatsopano anachita kuitanitsa ku Limbe, ndipo zinabwera pa sitima patapita nthawi. M'miyezi yonseyo Che Binali ankakoka nawo khoka la eni ake kuti banja lidye. Linali khoka lomwe lija anagulitsa. Anthu amene ankawayamikira pagombe tsopano ankawafunsa kuti, "Bwana dalaivala, lero simusambitsa?"

A Mose anakana zomanga ndi waya. "Chitseko mangani ndi chingwe ngati mukufuna. Koma mabuleki, chiwongolero ndi matayala, zimenezo sitinyengerera. Chatha, chotsani, ikani china." Loweruka lililonse ankagwira ntchitoyo limodzi, mpaka Che Binali anadziwa kuthira girizi, kusintha oyilo ndi kumanga mabawuti okha. Anaphunziranso kuti akawoloka mtsinje aziyenda pang'onopang'ono atapondako buleki mpaka aume, asanayambe kuthamanga.

Lole itadzuka, m'nyanja sinalowenso. Ankaitsuka ndi ndowa pamtunda, ndipo matabwa ankawapaka oyilo wakutha. Sanang'aluke. M'mawa uliwonse Che Binali asanapukuse hendulo yolizira injini ankayang'ana oyilo, madzi, matayala ndi buleki, kenaka n'kuitana, "Mayi a Habiba, pansipo pali bwanji?" Zuleka ankawerama, n'kuyang'ana mchenga, n'kuyankha.

Chaka chotsatira Saidi naye anafuna kugula galimoto yakale. Che Binali anamuperekeza pamodzi ndi a Mose. Yoyamba anaipeza ikulira, yopakidwa penti watsopano. Che Binali anaika dzanja pa boneti n'kuuza mwini wake kuti, "Tibwera mawa m'mamawa, musailize." Mwini wake anayamba kulankhula zambirimbiri, iwo n'kutembenuka. Imene anagula inali yosuluka, yosaoneka bwino, koma yolimba pansi. Inamutumikira Saidi zaka zambiri.

Lole ya Che Binali nayo inayenda. Usipa wawo unkafika ku Lilongwe, banja linavala, nyumba inafoleredwa ndi malata. Anthu ankati Mulungu wawakumbukira, ndipo Zuleka ankavomera kuti Alhamdulillah.

Koma Habiba sanakwerenso lole imeneyo. Injini ikangolira ankathawira kuseri kwa nyumba. Atakula pang'ono n'kuyamba kupita kukatunga madzi ndi anzake, ankagwira ndowa pamutu ndi dzanja lamanzere lokha, poti lamanja silinkafika. Zuleka ankamuyang'ana akubwera, madzi akutayikira paphewa, ndipo ankadziwa kuti dzanja limenelo linathyoka kale lisanafike tsiku la ukwati: linathyoka tsiku limene mwamuna wake anapita yekha ku Salima, ndiponso masiku onse amene iye anabwerera pampanda wa a Mose.

N'chifukwa chake amayi anzake akamuuza kuti kwawo akufuna kugula galimoto yakale, Zuleka sasekerera msanga. Amawauza mosabisa kuti: musagule ndi maso okha, tengani munthu wodziwa, muipeze yozizira, musuzumire pansi, muyese mabuleki. Mukagula, muziiyang'ana m'mawa uliwonse, ndipo chowonongeka mukonze lero. Ndipo ukaona kadontho kachilendo pamchenga, lankhula, ngakhale akuseke. Kusekedwa kumatha, koma dzanja la mwana likapindika siliwongoka.