Njinga ya a Neville Yokana Giya Yachiwiri

Alamu anga a Neville Tarrant anagulitsa galimoto yawo yonyamulira udzu n'kugula njinga yamoto yofiira, ya mipikisano, ija munthu ukakwera umachita kugona chafufumimba ngati ukufunafuna ndolo kunsi kwa bedi. Munthu wake wa imvi, mimba ili patsogolo. Chifukwa chake chinali chimodzi: mwana wawo Kirra ankakwatiwa Loweruka ku Cairns, ndipo awiriwa anali atatha zaka osalankhulana.

Mkangano wake unayamba tsiku limene Kirra ankalandira digiri. A Neville analowa m'holo atavala patapata, phwa phwa phwa mpaka mpando wakutsogolo. Kirra anachita manyazi n'kuwauza mawu, iwo anabweza oposa pamenepo, ndipo mkulu wanga Dawn, mayi ake a Kirra, yemwe akanawagwirizanitsa, anali atamwalira kale. Ndiye ukwati utayandikira Kirra anaimbira ine.

"Anti Bev, muwauze adadi abwere."

A Neville atamva anati akafika ngati munthu watsopano, mwana awaone kuti anasintha. Munthu watsopanoyo ndiye inali njingayo. Ndinawauza kuti m'galimoto yanga muli malo, koma anandiyang'ana ngati ndawatukwana.

Njingayo itafika kuno ku Tolgarra, vuto linaoneka tsiku lomwelo. Giya yoyamba inkalowa bwinobwino, chifukwa imeneyo umangoponda kachitsulo kosinthira magiya. Koma yachiwiri, yofuna kuti ulowetse phazi kunsi n'kukankhira kachitsuloko m'mwamba, inkakana. Kankakwera theka n'kutsakamira pakati pomwe palibe giya, injini n'kumangolira pachabe. Njinga yawo yakale, ija ankagawira makalata, inali yoponda ndi chidendene, ndipo sinawavutepo moyo wawo wonse.

Kuno munthu sabweza chinthu kumene anachigula, n'kutali ndiponso n'zochititsa manyazi. Amaitana anzake kushedi. Anabwera a Col Dunstan, okonza mipope ya madzi, ndi a Merv Hask, omanga mipanda, aliyense ndi bokosi la masipanala ndi mowa wake.

"Ndi oyilo ameneyu," anatero a Col. "Am'tauni amathira oyilo wopyapyala ngati tiyi."

Anakhetsa oyilo watsopano n'kuthira wa mpope. A Col anakwera, anakafika kokhota msewu, njinga ikukuwa pa giya yoyamba, n'kubwerera akutsimphina.

"Yalowa giya thuu?" anafunsa a Neville.

"Thuu mulibemo, aise. Anaiwala kuikamo."

A Merv anati ndi kilatchi. Anamasula, anamanga, anamasulanso, mapeto ake anakulunga waya wa mpanda pamalo atatu poti kuno chinthu chopanda waya sitichikhulupirira. Nawonso anakwera, nawonso anabwerera akutsimphina, ndipo palibe anafunsa kuti bwanji aliyense wokwera njingayo akubwerako akudandaula phazi lamanzere.

Ine ndinkabweretsa masangweji n'kumaonerera. Ndinaumirira kuti aimbire sitolo imene anaigula. Wakusitoloyo anafunsa funso limodzi lokha, kuti kodi akukankha mokwanira ndi nsapato? A Neville anadula foni.

"Akufuna kundiphunzitsa kukwera njinga ameneyu? Ine ndinayamba iye asanamere mano."

Kuyambira pamenepo nzeru zinayamba kusefukira. A Col anati njingayo inapangidwira kumaiko ozizira, choncho anakatenga ayezi yense wa kubala n'kuunjika pa injini, ndipo tauni yonse inamwa mowa wofunda. A Merv anati njinga zamakono zili ndi kompyuta m'kati, kompyuta imafuna netiweki, ndiye anaikankha atatu mpaka pa kaphiri ka thanki yamadzi pomwe foni imagwira, n'kuisiya padzuwa kuti ilankhule ndi kwawo. Abusa Pettigrew podutsa anaonjezera kuti zinthu zopangidwa kumpoto kwa dziko lapansi zikafika kuno kumwera zimazungulira chobwerera, monga madzi a m'bafa. Anaiimika moyang'ana kumpoto. Abusawo anayesa kukwera, mkanjo atapindira m'chiuno, ndipo analankhula mawu amene sindingawalembe.

Zinali zoseketsa mpaka Lachinayi. Ndinawapeza a Neville ali okha m'shedi, atakhala pa ndowa, akuyang'ana njinga ili mbwee zitsulo.

"Alamu, tiyeni pa galimoto basi."

"Ndikatsike m'galimoto yako ngati katundu? Akaona mdala yemwe uja, Bev. Ndilibe china chomuonetsa."

Ndinawamvera chisoni, ndipo ndinakwiya nawo nthawi yomweyo.

Lachisanu m'mawa analengeza kuti apita pa giya yoyamba yomweyo, kaya afika Lamulungu kaya injini iphulika. A Col ndi a Merv anabwezeretsa zitsulo, zotsala anaziika m'chitini. Suti anaipinda n'kuimangirira kumbuyo kwa njinga. Ndiye pofuna kunyamuka patapata ya a Neville yakumanzere inasowa. Tinaipeza kuseri kwa thanki, galu wawo Gravy ataidya n'kusiya kachingwe kokha.

M'nyumba monse munali nsapato ziwiri basi, zakuda, zija anavala pa maliro a Dawn, ndipo chivalire tsiku limenelo sanazitsitsenso pamwamba pa kabati. Analowa, anachedwako, n'kutuluka atavala yakumanzere yokha, kumanja patapata.

"Ukwati wake ndi wa mbali imodzi?" anafunsa a Merv.

A Neville anakwera njinga. Analiza injini, anaponda giya yoyamba, anatuluka pageti. Tonse tinatseka makutu podikira kukuwa kuja. M'malo mwake tinamva kha, mawu a injini n'kutsika. Kenako kha, kenako khanso. Fumbi lokha ndi limene linatsala.

"Oyilo wanga wafika m'malo mwake," anatero a Col.

"Oyilo wa chani? Ndi netiweki imeneyo, yangochedwa kulowa."

Akukangana choncho ine ndinayang'ana pansi. Mapazi a a Col, a a Merv, a abusa, anga omwe, onse ali pamtunda m'mapatapata, ndipo atatuwo aliyense ali ndi chilonda chofiira pamwamba pa phazi lamanzere. Kachitsulo kaja kankaluma khungu, phazi n'kuthawa lisanamalize ntchito. Sabata yonse tinayang'ana paliponse kupatula kumapazi, poti kuno patapata sitiiona, ili ngati khungu.

A Neville anabwerera pang'onopang'ono. Anavula chisoti, nkhope ili gwa. Anayang'ana nsapato, anayang'ana ine. Analowa m'nyumba, ndipo potuluka anali atavala zonse ziwiri, zingwe atamanga.

Loweruka ndinafika ku Cairns ine poyamba. Malo amene Kirra ananditumizira sanali tchalitchi kapena holo. Anali mchenga wa m'mphepete mwa nyanja, mipando yoyera, ndi dengu lalikulu polowera momwe alendo onse ankasiya nsapato. Mkwati anali wopanda nsapato, makolo ake chimodzimodzi, Kirra naye diresi lake likukwekwereza pa mapazi opanda kanthu.

Njinga inamveka patali ikutsitsa magiya imodzi imodzi mwaulemu, ndipo palibe anaicheukira. Kirra maso ake anali pa mdala amene ankabwera akutitimira mumchenga, suti yakuda, nsapato zakuda zikulira kwii kwii. Anazizindikira nsapatozo. Anagwira pakamwa.

"Adadi, ukwatiwu ndinausamutsira kuno chifukwa cha inu. Kuti musavutike n'kuvala nsapato."

A Neville anatsegula pakamwa, ndipo ndinadziwa kuti akufuna kuyamba kufotokoza za kachitsulo ndi za galu. Ndinawatsina pamkono mwamphamvu. Anatseka.

"Vulani, zikukupwetekani," anatero Kirra, misozi ikutsika.

"Zikupweteka zedi, mwanawe," anatero a Neville. "Koma sindivula. Ndachedwa nazo kale."

Anamupatsa mkono, n'kuyenda naye pakati pa mipando ija, munthu mmodzi yekha wovala nsapato pagombe lonse, akutsimphina miyendo yonse iwiri.