Amene Amasesa Pageti Nthawi ya Masamu

Phee ankatsuka mbale imodziimodzi, akuizunguliza m'madzi ngati sakufuna kuti ntchitoyo ithe. Dzina limeneli anamupatsa ndi bambo ake ali wamng'ono, chifukwa ankatha kukhala m'chipinda anthu osadziwa kuti alimo. Madzulo amenewo anamva zonse zimene makolo ake ankakambirana pabalaza.

Iye ndi mlongo wake anali mapasa, onse a Fomu 2 pasukulu ya sekondale ya boma, kalasi imodzi. Teremu yachiwiri mnyamatayo anakhoza masamu bwino, iye analepheranso. Bambo, amene anali kalipentala, ankati nkhaniyo ndi yosavuta: mimba imodzi, mphunzitsi mmodzi, buku limodzi, ndiye chosiyana n'chiyani ngati si mutu? Anali atagwirizana kale ndi azakhali a anawo, amene anali ndi makina osokera. Teremu yachitatu ikavutanso, Phee asiye sukulu akaphunzire kusoka. Mayi anangoti tiyeni tione kaye.

Phee ankadziwa pamene panali vuto, koma sankalimba mtima kulitchula. Mayi ankagwira ntchito yokolopa kuchipatala ndipo ankachoka kusanayere. Mlongo wake ankasamba madzi amene iye watenthetsa, n'kunyamula mabuku, ulendo. Iye ankatsala akusesa, kukaima pamzere kumpopi, kusambitsa mng'ono wake ndi kukamusiya kusukulu ya mkaka. Akamafika akuthamanga, geti ankapeza lotseka. Lamulo linali lakuti ochedwa asese pabwalo mpaka phunziro loyamba lithe. Ndipo phunziro loyamba pafupifupi tsiku lililonse linali masamu, chifukwa sukulu inkati masamu amalowa bwino mutu usanatope.

Teremu yachitatu itangoyamba, sukulu inaitana makolo. Bambo anapita monyinyirika, pensulo ili kukhutu. Mphunzitsi wamkulu anafotokoza kuti ataona zotsatira anapeza kuti olephera masamu ambiri ndi atsikana komanso ana ochokera kutali. Munthu wina kumbuyo anati atsikana ndi masamu ali ngati mphaka ndi madzi, ndipo anthu anaseka. Bambo a Phee anaseka nawo.

Kenako anaimirira mphunzitsi wa masamu, mayi wamfupi wa mawu osakweza.

"Inenso ndinkadabwa," anatero. "Tsiku lina ndinasiya choko, ndinapita kugeti. Ana amene amalephera phunziro langa ndinawapeza kumeneko, matsache ali m'manja. Makolo, ana amenewa sindiwaphunzitsa. Ndimangowapatsa mayeso."

Mphunzitsiyo anati sukulu yavomera mbali yake: kuyambira Lolemba chibalo chizichitika akaweruka, ndipo masamu azisinthana ndi maphunziro ena pa nthawi yoyamba. Koma panali mbali imene sukulu sikanaikonza. Anapempha kholo lililonse kuti likaone lokha amene amayamba kutuluka m'nyumba m'mawa, amene amatsalira, ndi chimene amatsalira.

M'mawa mwake bambo anamanga matabwa panjinga n'kunena kuti akukapereka kwa kasitomala, koma anadzera njira ya kusukulu. Anaima kuseri kwa mpanda. Mwana wawo wamkazi anali atawerama pakati pa anzake, akusesa masamba, chikwama chili kumsana. Pawindo la kalasi anaona mwana wawo wamwamuna akukopera za pabolodi. Phee atadzutsa mutu maso awo anakumana. Bambo anakankha njinga n'kumapita.

Madzulo anaitana onse. Anati kuyambira mawa madzi azitunga mnyamata, ndipo azisambitsanso mwana. Phee azisesa ndi kutsuka. Kusukulu ya mkaka azikamusiya iwo eni panjinga.

"Ine kusambitsa mwana, bambo? Anzanga akamva nditani?" anafunsa mnyamatayo.

"Akamva uwauze kuti manja uli nawo awiri," anayankha bambo. "Ndinakuwerengera ndekha tsiku limene unabadwa."

Masiku oyamba zinali zosekesa. Mwana anapita kusukulu ya mkaka diresi atavala chamkati kunja, tsiku lina sopo ali kukhutu. Mayi ankaseka mpaka misozi, n'kumati achimwene akuphunzira mochedwa ngati mbuzi yokalamba. Mnyamatayo anachedwa kawiri, ndipo atasesa ataweruka anasiya kuseka ochedwa.

Kwa Phee sizinali zoseketsa. Atakhala m'kalasi kuyambira pachiyambi m'pamene anaona kukula kwa dzenje limene linali m'mutu mwake. Zambiri zimene anzake ankayankha mosaganiza, iye ankazimva koyamba. Sanabwerere m'mbuyo. Mphunzitsi wa masamu ankatsala ndi gulu la otsalira masana ena, ndipo Phee sanajombepo. Kunyumba anapangana ndi mlongo wake: iye amuphunzitse kupesa mwana osamuliza, mnyamatayo amubwereze zimene zinamudutsa. Nthawi zina ankakangana, mnyamatayo n'kumati sanaonepo wophunzira wofunsa ndi maso okha.

Teremu itatha Phee anakhoza masamu. Sanali woyamba, koma malikisi ake anamulowetsa m'kalasi ya sayansi ya Fomu 3. Mphunzitsi wamkulu anauza makolo kuti atsikana ndi ana akutali amene anakhoza anachuluka kuposa kale.

Azakhali anabwera Loweruka lotsatira, atakonza kale mpando pafupi ndi makina. Atamva za zotsatira anagwedeza mutu. Anati kukhoza kamodzi ndi mwayi chabe, mwana wamkazi asataye zaka ndi manambala pamene ntchito yamanja ikumudikira. Ananena zambiri, akuyang'ana bambo. Bambo anayamba kuyankha, kenako anasiya n'kutembenukira kwa mwana wawo.

Phee anaimirira, manja atagwira kumbuyo kwa mpando.

"Azakhali, zikomo, koma sindipita," anatero. "Kusoka si koipa. Koma ine sindinkalephera chifukwa ndine mtsikana. Ndinkalephera chifukwa nthawi ya masamu ndinali panja. Mwana akamalephera, musanaweruze mutu wake, muyambe mwaona mmene m'mawa wake umayendera. Ntchito zapakhomo tikagawana, tonse timafika m'kalasi pa nthawi yake. Ine ndikufuna kumaliza sukulu, ndipo ndimaliza."