Mndandanda Wopanda Ziwongo

Lamulungu pa 14 Epulo 2019, tsiku la chikondwerero cha Vaisakhi, nthawi ili 1 koloko masana, a Nachhattar Singh Sandhu anakhoma loko pa chipinda cha ana pa gurudwara, nyumba yopemphereramo ya m'mudzi mwathu. Iwo ndi wapampando wa komiti yoyendetsa gurudwarayo. M'chipindamo ndi mmene Rajwant Kaur wakhala akuphunzitsa ana za chikhulupiriro chathu cha Chisikhi Lamulungu lililonse kuyambira mu 2016.

Nkhaniyi inayamba pa 7 Epulo. Rajwant anandibweretsera mndandanda wa ana 23 oti adzanene mapemphero pamaso pa anthu pa Vaisakhi, poti ine ndi amene ndimaitana mayina pa chimkuzamawu. Dzina lililonse linathera pa Singh kwa anyamata ndi Kaur kwa atsikana. Panalibe chiwongo ngakhale chimodzi.

Kwathu kuno chiwongo chimaulula zonse. Ukamva Sandhu kapena Dhillon, wadziwa kuti ndi eni minda ya tirigu. Ukamva zina, wadziwa kuti mwanayo ndi wa kumadzulo kwa mudzi, kwa mabanja okolola tirigu wa eni, amene makolo awo ankasesa m'misewu. Mwa ana 23 aja, asanu ndi anayi anali a kumadzuloko.

A Nachhattar ananditsomphola pepalalo, n'kuliwerenga kawiri, kenako anacheukira Rajwant.

"Iwe mwana wa Bakhshish, inki inakuthera?"

"Ayi, Chacha ji, cholembera n'chatsopano," anayankha Rajwant, powatchula mwaulemu ngati bambo ake aang'ono.

"Nanga ziwongo wadyetsa njati?"

"Masabata anayi ndakhala ndikuwaphunzitsa kuti mu 1699, ku Anandpur, mtsogoleri wathu Guru Gobind Singh anamwetsa amuna asanu a mitundu yosiyana m'mbale imodzi, n'kuwapatsa dzina limodzi loti Singh. Ndiye pa tsiku lokumbukira zimenezo ndiwagawenso pa chimkuzamawu?"

"Za 1699 usaphunzitse ine. Ndevuzi zinayamba imvi iwe ukuyamwa. Taona apa. Manjot Singh, Manjot Singh, Manjot Singh. Atatu! Anthu amudziwa bwanji mdzukulu wanga?"

"Inuyo nkhope yake mwaiiwala, Chacha ji?"

Mkuluyo sanaseke. Ananena kuti ziwongo zikhale zitalembedwa pofika Loweruka, apo ayi chipindacho chibwerera pa ntchito yake yakale yosungira miphika.

Rajwant sanalembe. Kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu, ana akaweruka kusukulu, ankatenga a Manjot atatu aja n'kuwakhazika pamphasa imodzi. Mdzukulu wa a Nachhattar anali ndi zaka khumi. Anzakewo anali a kumadzulo, wina wamkulupo ndi chaka chimodzi, wina wamng'onopo. Anawabwerezetsa chiyambi cha pemphero la m'mawa mpaka onse ankapumira malo amodzi.

Loweruka pa 13 anandipatsanso pepala lomwe lija. Chatsopano chinali kamzere kolumikiza mayina atatu aja.

"Veer ji, achimwene, dzinali mudzaliitane kamodzi basi."

"Bhenji, achemwali, mwaganiza bwino? Kiyi wa chipinda chija amasunga a Nachhattar."

"Asunge. Ndikasintha pepalali, Lamulungu likubwerali ndikawauza chiyani anawa? Kuti zimene tinaphunzira zija n'za m'kalasi mokha?"

M'mawa wa Vaisakhi holo inadzaza, amuna mbali iyi, amayi mbali inayo, onse pansi, mitu yofunda. Mwambo wa ana usanayambe, a Nachhattar anandiikira pepala lina pa bondo. Linali lolembedwa ndi dzanja lawo, mayina 23 omwe aja, lililonse ndi chiwongo chake.

"Uwerenge ili, mphwanga," anandinong'oneza.

Ndinawerenga la mphunzitsi, chifukwa ndi limene ana anakonzekera. Pa 11:20 ndinaitana Manjot Singh. Anyamata atatu anaimirira pamodzi, onse atamanga nsalu zachikasu kumutu, n'kupita kutsogolo. Ananena pempherolo kwa mphindi zinayi osaphonya liwu. Kumbali ya amayi, mayi wina wa kumudzi woyandikana nafe anafunsa mnzake mokweza kuposa mmene ankaganizira.

"Wa a Sandhu ndi uti pamenepa?"

"Wapakatiyo. Kaya, mwina wakumanjayo."

A Nachhattar anakhala mpaka mapeto. Anadya langar, chakudya cha onse cha pa gurudwara, pamzere ndi aliyense monga mwa mwambo, buledi wa tirigu watsopano ndi mphodza, anasamba m'manja, kenako anapita kukatseka chipinda chija. Mabuku a ana ndi bolodi zinatsekeredwa momwemo.

Pa 21 Epulo Rajwant anaphunzitsira pakhonde pa bambo ake, pafupi ndi khola la njati zoweta. Zilembo ankalemba ndi makala pakhoma. Ana anabwera 19. Anayi amene anajomba onse anali a kwa Sandhu, mdzukulu wa wapampando mmodzi mwa iwo. Rajwant anaitana mayina onse 23, ndipo pa lililonse losayankhidwa ankadikira pang'ono asanapitirize. Madzulo ake anayenda khomo ndi khomo kwa anayiwo. Makomo awiri anamutsegulira.

Komiti inakumana Loweruka pa 27 kuti igamule ngati chipinda chitsegulidwe. Anayi anati chitsegulidwe, anayi anakana. Wachisanu ndi chinayi, a Darshan Singh, ali ku Canada kwa mwana wawo wamkazi ndipo abwera pa 2 Juni. Mbali zonse ziwiri zawaimbira foni, koma sanayankhe aliyense.