Malonje a Amalume Tenson

Nelesi ataona njinga ikutsika mumseu wa ku Kasisi anasiya musi mumtondo. Anali amalume ake a Tenson, amene anatumidwa ku Lusaka kukaona atate a Nelesi. Atatewo anali m'chipatala sabata yachiwiri chiwapondereni ngolo ya ng'ombe, ndipo kunali kusanabwere mawu alionse.

Koma pamudzi pawo wochokera kuulendo amayamba wakhala, wamwa madzi, kenaka n'kufotokoza malonje kuyambira pamene anatulukira pakhomo. Mwana samudula pakamwa. Nelesi anagwada pambali pa amayi ake, zala zikukanda dothi.

"Welo," anayamba amalume, akupukuta thukuta ndi chipewa. "Yu sii, mlongo wanga, ninanyamuka mamawa. Ayi mini, osati mamawa kwenikweni. Yu noo, tayala inali na vuto."

A Tenson anakhalapo kuki, kuphikira mzungu wa pafamu, zaka zisanu ndi chimodzi. Kumeneko anatola timawu timeneti, ndipo amatiwaza paliponse ngati mchere. Nelesi anaphunzira Chingerezi kwa masisitere, choncho ankadziwa kuti mulibe kanthu m'menemo. Masiku ena ankaseka chamumtima. Lero timawuto tinkamuyabwa ngati chitedze.

"Ehe, achimwene," anavomera amayi.

"Soo, pamlatho paja, yu sii, nakumana na Boyd, uja wa mbuzi. Ayi see! Munthu kunenepa! Welo, eniwe..."

Nelesi anasintha bondo. Anayang'ana thumba lomangidwa kumbuyo kwa njinga. Kodi muli jekete la atate? Akabweza zovala za wodwala, ndiye kuti chiyani? M'malonje awowo, amalume anali asanafike n'komwe m'tauni.

"Akichuwale, yu noo, mapolisi a panjira..."

"Amalume, atate ali moyo?"

Mawuwo anatuluka okha, mokweza kuposa mmene iye analankhulirapo pamaso pa akulu. Amayi anamutsina pantchafu. Nkhuku zokha ndizo zinkamveka kumtondo, zikudya mphale yake.

A Tenson anamuyang'ana kukamwa kuli yasa.

"Iwe mwana, ndiye ulemu wa kusukulu uwu? Ali moyo! Nanga nikanakamba za Boyd? Mwendo aumanga, akudya, akukalipira manesi. Akuti muwatumizire bulangete, kuja kuzizira."

Nelesi anadzuka osapepesa, nathamangira m'nyumba kukapinda bulangete. Panja amayi analira pang'ono, kenaka n'kuwauza achimwene awo kuti apitirize pamene analekezera.