Nkhuku Nazo Sizidya Soya Wamuwisi

Kwathu kuno ku Ruace aliyense amalima soya, koma omudya ndi owerengeka. Timakolola, kusoka matumba, malole n'kudzatenga kuti akapangire chakudya cha nkhuku. Ine zimandinyansa ndithu, nkhuku za m'tauni zikunenepa pamene ana athu akuonekera nthiti.

Mmodzi mwa anawo anali Nelito, mwana wa zaka ziwiri wa Delfina, amene tinayandikana naye nyumba. Tsiku la sikelo anamuuza kuti mwanayo wanyentchera, ndipo akatsikanso pang'ono agonekedwa kuchipatala. Delfina anali atamvapo pawailesi kuti soya amamanga thupi. Anatapa m'thumba, n'kusinja wamuwisi choncho, ufawo n'kuwaza m'phala lakupsa kale. Dzuwa lisanalowe, Nelito mimba inali itatupa, akutsegula m'mimba.

"Ndinanena ine," anatero Zeferino, mwamuna wa Delfina. "Chakudya cha nkhuku chimenechi. Ukufuna mwanayu amere nthenga?"

Anasoka thumba lija, n'kulumbira kuti soya sadzalowanso mumphika wa pakhomopo.

M'mawa mwake ndinakaitana Mayi Ancha, azaumoyo a m'dera lathu. Anayamba amwetsa Nelito madzi a mchere ndi shuga a m'kapaketi, kenako ananunkhiza ufa uja.

"Mayi a Nelito, munakazinga?"

"Ayi, achemwali. Ndimaona ngati ufa ndi ufa basi."

Mayi Ancha anatembenukira kwa Zeferino. "Bambo, paja inu munagwirapo ganyu kumene amagaya chakudya cha nkhuku. Soya amamuthira wamuwisi?"

Zeferino anakanda kumutu. "Ayi, amayamba wadutsa pamoto. Amati wamuwisi amapinimbiritsa anapiye."

"Ndiye nkhuku za eni ake aziwotchera, mwana wanu adye wamuwisi?"

Ine ndinaseka.

Mayi Ancha anatiphunzitsa pomwepo. Soya amayamba wasankhidwa, wankhungu n'kutaya. Kenako amaponyedwa m'madzi owira kale kwa theka la ola, n'kuchotsa makoko, kuyanika, kukazinga, ndiye kugayitsa. Muyeso umodzi wa ufa wa soya umasakanizidwa ndi miyeso inayi ya mgaiwa, ndipo phalalo lipse mokwanira.

"Muyambe ndi pang'ono akangochira," anatero. "Alipo ana ena amene soya amawawenga. Mukaona zidzolo, milomo kutupa kapena kubanika, siyani, thamangani naye kuchipatala. Ndipo khanda lanu lili kumsanalo lisalaweko mpaka litakwana miyezi isanu ndi umodzi. Lake ndi bere lokha."

Thumba anasoka yekha lija, Zeferino analisomolanso yekha. Nelito sanagonekedwe. Patatha miyezi iwiri sikelo inakwera, ndipo kamwana kanali nyontcho pamphasa kaja kanayamba kuthamangitsa abakha anga, ine n'kumakalipa mtima ukusangalala.

Chaka chino lole itabwera, wogula anaona thumba limodzi lili padera.

"Nanga ilo, bwana?"

"Lili ndi mwini wake," anayankha Zeferino, akuloza Nelito. "Nkhuku zidikire."

Soya ndi chakudya chabwino chokulitsa ana, koma asadyedwe wamuwisi. Muwiritseni, mukazingeni, ndipo musanagulitse, yambani mwapatulira ana anu.